Magetsi atazima tebulo la malipiro linakana kutseguka: kodi ndisinthe database?

Kalata iyi yachokera kwa mnyamata wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Zikomo akulu. Ndinaphunzira zamakompyuta ku Tete ndipo ndinabwerera kumudzi chaka chatha. Bungwe la alimi la kwathu, lomwe lili ndi mamembala pafupifupi 800 a ku Domwe ndi ku Tsangano, linandipempha kuti ndilipangire pulogalamu yolembera ngongole za feteleza ndi mbewu, komanso soya ndi mbatata zimene alimi amabweretsa. Ndinaipanga ndi PHP pa XAMPP, pa kompyuta ya mu ofesi. Mwezi watha magetsi anazima mlembi ali mkati molemba. Titayatsanso, tebulo la malipiro linakana kutseguka, likungolemba kuti 'is marked as crashed and should be repaired'. Backup, kope la zolembazo losungidwa padera, ndinalibe. A tcheyamani akuti vuto ndi kudalira zinthu zaulere, tigule pulogalamu yolipira. Anzanga akuti ndisamukire ku database ina, ena akuti PostgreSQL, ena akuti MongoDB. Komanso mayina ngati João akuoneka JoÃ£o. Alimi ayamba kubwera kudzafunsa za ngongole zawo ndipo ine tulo sindikuona. Ndichite bwanji?"

Achimwene, mtima pansi. Mawu amene kompyuta yanu ikulembawo ndawaonapo kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri zolembedwazo zimakhala zilipo ndithu, kungoti chitseko chake chapindika. Mwachitanso bwino kufunsa musanayambe kukhudzakhudza, pajatu safunsa anadya phula.

Musanachite china chilichonse, zimitsani MySQL, pulogalamu imene imasunga matebulo a zolemba zanu (database), pa XAMPP, mulowe mu foda ya mysql, mukopere foda yonse ya data pa fulashi kapena pa disiki ina. Yonse, osasankha. Kopeli muliike pambali, musaligwirenso. Ndikunena izi motsindika chifukwa mukafufuza pa intaneti mupeza anthu ambiri akulangiza kuti "fufutani fayilo ya ibdata1, zonse ziyambanso kuyenda." MySQL imadzukadi mukatero, koma fayilo imeneyo imasunga zinthu zimene matebulo a mtundu wotchedwa InnoDB amadalira, ndipo anthu ambiri anataya ntchito ya zaka chifukwa cha langizo limeneli. Musaifufute.

Mukakopera, yatsaninso, mutsegule phpMyAdmin, chida choonera database chimene chili mu XAMPP, muone pamndandanda wa matebulo anu pomwe palembedwa mtundu wa tebulo lililonse. Ndikukhulupirira kuti pa tebulo la malipiro mupeza mawu akuti MyISAM. Uthenga wakuti tebulo lagwa ndipo likufunika kukonzedwa ndi chizindikiro chake chodziwika. Mwina munatengera chitsanzo cha phunziro lakale, pakuti maphunziro ambiri a PHP a zaka zam'mbuyomu ankalemba ENGINE=MyISAM kumapeto kwa tebulo lililonse. Lembani REPAIR TABLE malipiro, mudikire. Kawirikawiri tebulo limatseguka, mwina litataya mzere umodzi kapena iwiri imene inkalembedwa pa nthawi imene magetsi anazima. Mizere imeneyo muipeza m'malisiti a mlembi. Tebulo likatseguka, lembani ALTER TABLE malipiro ENGINE=InnoDB, ndipo muchite chimodzimodzi pa matebulo ena onse a pulogalamu yanu.

Kusiyana kwa MyISAM ndi InnoDB ndi kumene kunakugwetsani, ndiye ndikufotokozereni ndi chitsanzo cha pa sikelo yanu. Mayi wina wabwera ndi matumba 12 a soya. Mlembi akadina batani, pulogalamu yanu iyenera kuchita zinthu zitatu: kulemba kuti matumba 12 alowa m'nyumba yosungiramo, kuchotsa pa ngongole ya mayiyo mtengo wa feteleza amene anatenga mu Novembala, ndi kulemba ndalama zotsala zimene alandire. Tsono magetsi azime chinthu choyamba chitalembedwa, chachiwiri chisanalembedwe. Soya walowa, koma ngongole ikadali yonse. Mayi uja abwera chaka chamawa kudzatenga feteleza, amuuza kuti sanabweze, ndipo mlandu ukafika kwa amfumu. InnoDB ili ndi njira yotchedwa transaction, yomanga zinthu zitatuzo mtolo umodzi. Mumayamba ndi BEGIN, mumalemba zitatu zija, mumamaliza ndi COMMIT. Zikalembedwa, zalembedwa zonse. Chikasokoneza china chake pakati, palibe ndi chimodzi chomwe chimene chimatsala, mlembi amangoyambiranso. Kuwonjezera apo, InnoDB imayamba yalemba m'kabuku kake zimene ikufuna kuchita isanazichite, moti magetsi akabwerera imawerenga kabukuko ndi kudzikonza yokha. MyISAM ilibe zonsezi. N'chifukwa chake kuyambira pa MySQL 5.5 eni ake anaika InnoDB kukhala yoyambirira. Koma dziwani kuti kusintha mtundu wa tebulo kokha sikumanga mtolo. Muyenera kubwerera m'khodi yanu ya PHP, pamalo ponse pamene ndalama zikusuntha, muikepo beginTransaction ndi commit.

Tsopano za a tcheyamani. Musawaone ngati osadziwa zinthu. Iwo aona feteleza waulere akufika mvula itatha, aona mijigo yaulere ikufa popanda woikonza, ndiye akamva mawu akuti "zaulere" akumva chinthu chopanda mwini. Afotokozereni kuti apa nkhani ndi ina. Mapulogalamuwa khodi yake ndi yoonekera kwa aliyense, ndipo ali ndi anthu ndi makampani amene amawasamalira tsiku ndi tsiku. MySQL inatuluka mu 1995 kuchokera ku kampani ya ku Sweden. Mu 2008 kampaniyo inagulidwa ndi Sun, ndipo mu 2010 Sun inagulidwa ndi Oracle. Mmodzi mwa amene anayambitsa MySQL, Michael Widenius, poopa kuti ingadzatsekeredwe, anatenga khodi yomweyo mu 2009 n'kuyambitsa MariaDB. Imeneyi ndi imene ili mu XAMPP yanu ngakhale batani lake lalembedwa MySQL. Wikipedia, imene anthu a dziko lonse amaiwerenga usana ndi usiku, imayendera MariaDB yomweyo. PostgreSQL inachokera pa ntchito imene Michael Stonebraker anayamba ku yunivesite ya Berkeley mu 1986, ndipo dzina limeneli inalitenga mu 1996. Chitsanzo chimene chingawafike pamtima a tcheyamani n'chapafupi: ziwerengero za zipatala za boma kuno ku Mozambique zimasonkhanitsidwa mu SIS-MA, yomwe inamangidwa pa DHIS2, pulogalamu yochokera ku yunivesite ya Oslo, ndipo DHIS2 imasunga zonse mu PostgreSQL. Pulogalamu yolipira, mukaiika pa kompyuta yomweyo, magetsi omwewo, popanda backup, idzakugwetsani chimodzimodzi. Ndalama imene akufuna kugulira laisensi aigwiritse ntchito pogula UPS, batire lothandiza kuti kompyuta isazime mwadzidzidzi magetsi akapita, ndi kulipira seva, kompyuta yosungirapo pulogalamuyi.

Nanga musamukire ku PostgreSQL? Ineyo ndimaikonda kwambiri, ndipo ntchito zatsopano zambiri ndimaziyambira kumeneko chifukwa ndi yokhwimitsa malamulo: mukaipatsa zosayenera imakana, siimeza mwakachetechete. Koma kwa inu lero yankho langa ndi lakuti ayi. Simunagwe chifukwa cha MariaDB. Mukuidziwa kale, khodi yanu inalembedwera iyo, ndipo makampani ambiri otchipa osungira mawebusayiti amapereka MySQL kapena MariaDB. Kusamuka pakati pa nyengo yogula mbewu, alimi ali pamzere, n'kudziwonjezera katundu pamutu. Za MongoDB ndiye ndikukana ndithu. Zolemba zanu ndi zolumikizana: mlimi ali ndi ngongole, ngongole ili ndi malipiro, malipiro ali ndi lisiti. Ntchito imeneyi ndi ya matebulo. Komanso kuyambira 2018 MongoDB inasintha laisensi yake kupita ku SSPL, imene bungwe la Open Source Initiative silinaivomereze. Za kukula musade nazo nkhawa. Alimi 800, ngakhale aliyense atabwera kakhumi pachaka kwa zaka 10, ndi mizere 80,000, ndipo kwa MariaDB umenewo ndi katundu wonyamula ndi dzanja limodzi.

Chimene ndikufuna tikhalepo kwambiri ndi mmene mwakonzera matebulo anu, chifukwa mavuto a kuno kwathu sali m'mabuku amene munaphunzira.

Tiyambe ndi mayina. Munthu mmodzi yemweyo pa chiphaso chake cha boma (BI) analembedwa Muale, mlembi wanu amene anaphunzira ku Dedza alemba Mwale. Chimwemwe pena alembedwa Chimuemue. Francisco kumudzi amangodziwika kuti Chico. M'mudzi umodzi a Banda angapezeke khumi, atatu mwa iwo dzina loyamba lofanana. Mukamalumikiza ngongole ndi dzina, tsiku lina mudzapatsa munthu ngongole ya mnzake. Mlimi aliyense akhale ndi nambala yake imene database yokha imapereka, yosasintha mpaka kalekale, ndipo nambala imeneyo ndi imene ilembedwe m'tebulo la ngongole ndi la malipiro ngati foreign key, kutanthauza nambala yoloza ku tebulo la alimi. Musindikize pa kakhadi, mlimi azibwera nako. Nambala ya BI muisunge m'danga lakelake koma musaikakamize, pakuti si alimi onse ali nayo, ena ali ndi khadi la voti lokha. Muikenso danga la dzina lodziwika nalo ndi la mudzi, chifukwa mlembi akamafufuza munthu amafunsa kuti "a Banda ake ati, a kwa mfumu iti?"

Nambala za foni muzisunge ngati mawu, osati ngati nambala zowerengera. Alimi a kufupi ndi malire, cha ku Calomue ndi Biriwiri, ambiri ali ndi simu khadi ya ku Malawi yoyamba ndi 088 kapena 099. Mukaiika m'danga la INT, la nambala zowerengera, ziro wakutsogoloyo amasowa. Chabwino n'kulemba zonse ndi nambala ya dziko, +258 kapena +265, kuti tsiku limene mudzafune kutumiza mauthenga kwa onse musadzayambe kulingalira kuti iyi ndi ya Movitel kapena ya kutsidya.

Ndalama musaziike mu FLOAT kapena DOUBLE. Kompyuta ikawerengera motero, 0.1 kuphatikiza 0.2 imapeza 0.30000000000000004. Pa lisiti limodzi sizioneka, koma pakutha pa chaka msungichuma adzapeza kuti mabuku sakugwirizana ndipo woyamba kukayikiridwa ndi mlembi. Gwiritsani ntchito DECIMAL(12,2). Ngati bungwe nthawi zina limalandira makwacha, pakhale danga lonena kuti ndalamayi ndi meticais kapena makwacha, ndi lina la mtengo wosinthira wa tsikulo. Palinso msampha wina umene ndaona ukukola ambiri: kalembedwe ka Chipwitikizi kamaika koma pamene Chingerezi chimaika dontho. Mlembi wina alemba 1.250,50, wina alemba 1,250.50, onse akutanthauza chinthu chimodzi. Mukangotenga zimenezi kuchokera mu Excel n'kuzithira mu database osazisefa, ngongole ya meticais 1250 ingasanduke metical imodzi ndi masentavo 25. Fomu yanu ilandire kalembedwe kamodzi kokha, ndipo isonyeze mlembi ndalamayo asanadine batani lomaliza. Madeti nawonso akhale m'danga la DATE, osati mawu, kuti 03/04 isakhale Epulo kwa wina, Malichi kwa wina.

Ndiye pali lamulo limene ndimaliumirira pa ntchito iliyonse ya ndalama za gulu: m'tebulo la malipiro musafufute mzere, musasinthe mzere. Mlembi akalakwitsa, alembe mzere wina wobweza cholakwikacho, kenako alembe cholondola. Mzere uliwonse usonyeze amene anaulemba ndi nthawi yake. Ngongole yotsala ya mlimi isakhale nambala imene munthu angaisinthe ndi dzanja, izichokera pa kuphatikiza mizereyo. Zimenezi zimateteza alimi, zimatetezanso inu. M'bungwe la kumudzi anthu ndi apachibale, ndipo tsiku lina munthu wamkulu adzakunong'onezani kuti "tangochotsani kangongole ka alamu angawa." Ndi bwino kuyankha moona mtima kuti pulogalamuyi siilola.

Za JoÃ£o zija n'zosavuta kumvetsa. Chilembo cha ã mu UTF-8, imodzi mwa njira zimene kompyuta imasungira zilembo, chimasungidwa ndi mabayiti awiri. Pulogalamu ikawerenga mabayiti awiriwo ngati latin1, njira ina yakale, imaonetsa zilembo ziwiri, Ã ndi £. Momwemonso Angónia imasanduka AngÃ³nia. Ife tili pakati pa zilankhulo ziwiri, ndiye vutoli limatipeza kawiri: latin1 imatha kusunga ã, ç ndi ó, koma ŵ wa m'mawu ngati Malaŵi mulibemo, amasanduka chizindikiro cha funso. Mankhwala ake ndi utf8mb4 paliponse: pa database, pa matebulo, pa kulumikiza kwa PDO (chida cha PHP cholankhulira ndi database) polemba charset=utf8mb4, ndi pa tsamba la HTML. Muonetsetse kuti ndi utf8mb4, chifukwa imene MySQL yakale inkaitcha utf8 inali yoperewera. Mayina amene anawonongeka kale musathamangire kuwakonza ndi lamulo limodzi pa database yeniyeni. Yesani kaye pa kope, chifukwa mukatembenuza kawiri amawonongekeratu. Pa anthu 800, mwina owonongeka ndi makumi angapo, ndipo kuwakonza ndi dzanja masana amodzi n'kotetezeka kuposa matsenga a pa intaneti.

Funso limene simunafunse koma ndi lalikulu: database imeneyi izikhala kuti? XAMPP eni ake amanena poyera kuti ndi yophunzirira ndi kuyeserera, osati yogwirira ntchito yeniyeni. Imabwera ndi root, akaunti ya mphamvu zonse, yopanda pasiwedi. Ndipo kompyuta ya mu ofesi imakumana ndi zambiri: fumbi la soya, mphezi za mu Januwale, mwana wa mlonda amene akufuna kuonera kanema, fulashi ya mavairasi. Tili m'chigawo cha Tete, momwe muli Cahora Bassa, damu lotulutsa mamegawati oposa 2,000, koma inu ndi ine tikudziwa kuti mvula ikagwa ndi mphepo mawaya a ku Angónia sachedwa kugonja. Pali njira ziwiri. Yoyamba n'kubwereka seva yaing'ono pa intaneti, imene amaitcha VPS, ya Linux, ya memore 1 GB kapena 2 GB. Imeneyi ikukwanirani. Musankhe ya ku Johannesburg kapena Cape Town kuti masamba asamachedwe. Vuto lake n'lakuti imafuna khadi la banki lolipira kunja mwezi ndi mwezi, ndipo netiweki ikadula kumsika wa kutali mlembi amakhala manja lende. Yachiwiri n'kusunga seva mu ofesi momwemo: kompyuta yakeyake yosagwiritsidwa ntchito ina, ya Ubuntu kapena Debian, yokhala ndi UPS imene imaizimitsa bwinobwino batire isanathe. Kwa bungwe logula mbewu m'malo angapo, ine ndingasankhe VPS, koma buku la malisiti a kaboni lisachoke pa sikelo. Netiweki ikasowa mlembi alemba papepala, madzulo alowetsa, ndipo nambala ya lisiti ikhale UNIQUE mu database kuti lisiti limodzi lisalowe kawiri.

Tifike pa backup, pamene pagona nkhani yonse. Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine. Zaka zingapo zapitazo ndinakonzera pulogalamu sitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Moatize. Ndinaika kuti usiku uliwonse kompyuta izitulutsa backup, ndipo ndinkaona mafayilo akuchuluka m'foda, tsiku lililonse yakeyake, mtima wanga uli m'malo. Patapita nthawi mwini sitolo anasintha pasiwedi ya database, zomwe zinali zoyenera, koma ine sindinasinthe m'kafayilo kotulutsa backup kaja. Mu Okutobala, kutentha kwa ku Tete kuja koposa madigiri 40, disiki inafa. Ndinapita ndi disiki yatsopano, ndinatsegula foda ya backup, n'kupeza kuti mafayilo a miyezi inayi onse kukula kwake ndi 0 KB. Mayina alipo, madeti alipo, m'kati mulibe kanthu. Ndikukumbukira mwini sitolo ataima kumbuyo kwanga, atagwira buku la ngongole za makontirakitala lomwe anasiya kulembamo chifukwa chokhulupirira ine. Tinakhala masabata atatu tikutolera mainvoisi m'makatoni ndi kuyimbira anthu foni, ndipo ndalama zina sizinabwerere. Cholakwa chinali changa. Kuyambira pamenepo backup imene sindinaibwezeretsepo ndi manja anga sindiiwerengera.

Ndiye chitani motere. Usiku uliwonse cron, chida cha Linux choyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, iziyendetsa mysqldump, lamulo lotulutsa backup, ndi --single-transaction, kuti itenge chithunzi chathunthu cha matebulo a InnoDB popanda kuimitsa ntchito. Fayiloyo ipanikizidwe ndi gzip, dzina lake likhale ndi deti. Database yanu ikapanikizidwa ingakhale mamegabayiti ochepa chabe, yotumizika ngakhale ndi bando ya pa foni. Makope akhale atatu, ndipo limodzi likhale kutali ndi ofesi, pakuti moto kapena mbala sizisankha pakati pa kompyuta ndi fulashi imene ili m'dirowa la tebulo lomwelo. Musamasunge la dzulo lokha. Sungani a masiku 14 apitawa ndi limodzi la mwezi uliwonse, chifukwa zolakwika zina zimadziwika patapita nthawi. Kafayilo kanu kaziona kukula kwa backup, ndipo ikakhala yaing'ono modabwitsa kakutumizireni uthenga. Kenako, Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, tengani backup ya dzulo lake, muithire mu database yopanda kanthu pa laputopu yanu, muwerenge alimi, muphatikize ngongole zonse, muyerekeze ndi zimene zili pa seva. Ndi ntchito ya mphindi 20. Popeza m'mafayilowa muli ma BI ndi ngongole za anthu, muwatseke ndi pasiwedi musanawatumize kwina, ndipo asayende pa gulu la WhatsApp.

Za chitetezo ndinena mwachidule, koma chilichonse apa n'chofunika. Pulogalamu yanu isalowe mu database ngati root. Ipangireni wogwiritsa ntchito wake wokhala ndi mphamvu zowerenga ndi kulemba m'database imodzi yokhayo, wopanda mphamvu ya DROP, yofufutira matebulo. Khomo la 3306, lolowera mu database kudzera pa netiweki, lisatsegukire dziko lonse. Pa intaneti pali makina amene amangoyendayenda usiku ndi usana kugogoda pa khomo limeneli, ndipo akalowa amafufuta matebulo n'kusiya uthenga wofuna bitcoin. Zimene munthu walemba pa fomu musazilumikize mwachindunji m'mawu a SQL, gwiritsani ntchito prepared statements za PDO, zimene zimalekanitsa lamulo ndi zimene munthu walemba. Mapasiwedi a alembi asungidwe ndi password_hash, ndipo mlembi aliyense akhale ndi akaunti yake, osati imodzi yongopatsirana. Kusintha kulikonse kwa matebulo kulembedwe m'fayilo ya SQL yosungidwa mu Git, chida chosunga mbiri ya kusintha kwa khodi, kuyesedwe pa laputopu, kenako kupite pa seva, backup itatengedwa kaye. Masamba akadzayamba kuchedwa, musathamangire kugula seva yaikulu. Ikani EXPLAIN kutsogolo kwa funso lochedwalo, ndipo kawirikawiri mudzapeza kuti pakusowa index, kalozera wofulumizitsa kufufuza, mwina pa danga la deti kapena la mudzi.

Palinso nkhani ya umwini. Mwanena kuti munabwerera kumudzi chaka chatha, ndipo n'kutheka kuti chaka chamawa ntchito idzakuitanani ku Tete, ku Beira kapena ku Maputo. Akaunti ya seva ikhale m'dzina la bungwe. Mapasiwedi akuluakulu alembedwe, aikidwe mu envulopu yomata kwa msungichuma. Lembani tsamba limodzi, m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, lofotokoza komwe backup imakhala ndi mmene angaibwezeretsere, ndipo muphunzitse munthu wina mmodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ndaona mabungwe akulira chifukwa mnyamata wawo wa kompyuta anapita ndi zonse m'mutu.

Pali nthawi zimene muyenera kusiya n'kuitana wina wodziwa kuposa inu. Ngati REPAIR TABLE yalephera, kapena yabweza tebulo litataya mizere yambiri, imani pomwepo, mubwerere ku kope lija, mufune thandizo. Ngati MariaDB ikukaniratu kudzuka ndipo m'fayilo ya zolakwika mukutchulidwa InnoDB, musayesere nokha nambala zikuluzikulu za innodb_force_recovery, pakuti kuyambira pa 4 kupita m'mwamba zingawonongeretu zolemba. Ngati disiki ikulira modabwitsa kapena kompyuta ikumaundana pokopera, izimitseni, chifukwa ola lililonse imene ikuzungulira ikudzipweteka. Ngati mwapeza matebulo osawadziwa kapena akaunti imene simunapange, chotsani seva pa intaneti, musalipire aliyense, ndipo muuze akuluakulu a bungwe tsiku lomwelo. Mukadzafuna kulumikiza pulogalamuyi ndi M-Pesa kapena e-Mola, pezani munthu amene anachitapo kuti aone khodi yanu, chifukwa uthenga wa malipiro umatha kubwera kawiri ndipo muyenera kuuzindikira ndi nambala yake. Pa za malamulo, muli ndi zinsinsi za anthu 800 m'manja mwanu. Lamulo la 3/2017 la zochitika pa intaneti limakhudzanso kasungidwe ka zinthu zoterezi, choncho bungwe lifunse wodziwa malamulo lisanapereke mndandanda wa alimi kwa kampani yogula mbewu kapena kwa wina aliyense. Anzanu oti mukambirane nawo simungawasowe: ku Instituto Superior Politécnico de Tete ndi ku UniZambeze, yomwe ili ndi nthambi ya zaulimi ku Ulongwe komweko, kuli aphunzitsi ndi ophunzira amene mungawafikire.

Za alimi amene akubwera kudzafunsa, musawabisire. Pemphani a tcheyamani aitanitse msonkhano, munene kuti kompyuta inasokonekera pa tsiku lakutilakuti, ndipo aliyense amene anabweretsa mbewu kapena kulipira m'masabata awiri ozungulira tsikulo abwere ndi lisiti lake. Mukhale pansi ndi mlembi ndi msungichuma, buku la kaboni lili pakati, muyerekeze lisiti ndi lisiti, ndipo mlimi aliyense asaine pafupi ndi ngongole yake yotsala. Pepala losainidwalo ndilo likhale poyambira pa tebulo lanu latsopano la InnoDB. Mukamaliza, tengani backup yoyamba usiku womwewo, muibwezeretse pa laputopu m'mawa mwake, ndipo mundilembere kuti REPAIR TABLE inabweza mizere ingati.